Nkhope ya Munthu si Masuku Otola



Sabata ino, pa 1 Okutobala, Mpingo ukukumbukira Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Ambiri a inu mwakhala mukutiona tikuyendayenda m'midzi ndi kamera pakhosi, ndipo ena mwatifunsa ngati tayamba ganyu yojambula maukwati. Tidalonjeza kuti tidzafotokoza. Lero tikufotokoza, ngakhale kuti mbali ina ya nkhaniyi ikutichititsa manyazi, ndipo muona m'munsimu kuti Tereza Woyera akulowamo bwanji.

Mwezi wa Ogasiti utangoyamba, Bambo Mfumu adatiitana ife a gulu la achinyamata Misa yachiwiri itatha. Adati m'midzi yozungulira parishi muno muli anthu aluso amene timawadutsa tsiku ndi tsiku osawaona: oumba mbiya, oluka mphasa, mikeka ndi malichero, osema mitondo ndi ng'oma, okhoma ndowa ndi mbaula pamsika, matelala apakhonde, ndiponso anyamata oimba banjo yachigubu. "Pitani mukawajambule," adatero, "tidzapachike zithunzizo m'holo kumapeto kwa Okutobala, kuti ana athu adziwe kuti Mulungu sadapereke mphatso kwa anthu a m'tauni okha." Adatibwereka kamera yawo, ndipo enafe tinali ndi mafoni athu.

Tisananyamuke tidakhala pansi kupangana. Mnzathu wina, amene adaphunzirako zojambula pa intaneti, adatiuza kuti chithunzi chenicheni ndi chimene mwajambula munthu iye asakudziwa. Adati munthu akadziwa kuti kamera yamuloza amauma thupi, amakonza kolala, amabisa mano, ndipo chimene chimatuluka ndi bodza. Tonse tidagwirizana nazo, poti zinkamveka zanzeru.

Ulendo woyamba tidapita kwa agogo ena a mumphakati wa kutsidya kwa dambo, amene akhala akuumba mbiya kuyambira ali mtsikana. Dzina lawo sitilitchula pano chifukwa sitidawapemphe. Tidawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pansi miyendo ili tambalale, atavala nsanza zawo zantchito, dongo lili mpaka m'zigongono. Dzuwa lammawa linkawaomba chammbali, ndipo kunena zoona, maonekedwe ake anali okongola kwambiri. Sitidaodire n'komwe. Mafoni atatu ndi kamera imodzi zidayamba kulira nthawi imodzi.

Agogowo adaleka kuumba. Adatiyang'ana mmodzimmodzi mosafulumira, kenaka adapukuta manja pachitenje nati, "Ana inu, mwadzuka bwanji?" Apo mpamene tidazindikira kuti ngakhale moni sitidapereke. Titayankha mwachibwibwi, adapitiriza: "Mwandifunsa? Mbiya zangazi jambulani mmene mungafunire, zilibe manyazi. Koma ine lero ayi. Ngati mukufuna nkhope yanga mubwere Lachisanu." Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo tsiku limenelo tidalidyadi.

Sadatithamangitse. Adatiyalira mphasa, natiuza chifukwa chake. M'chaka cha njala cha 2002, pamene anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, pamudzipo padafika galimoto ya alendo. Adawapempha kuti avule mpango wabwino umene adavala, akhale pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu, anyamule mdzukulu wawo amene anali wodwala. Adawajambula kambirimbiri, nakwera galimoto, napita. Patapita nthawi, mwana wa achimwene awo wogwira ntchito m'tauni adaona nkhope yawo papepala lopemphera thandizo. "Chimanga tidalandira, sindikana," adatero agogo, "ndipo mwina pepala limenelo lidapulumutsa anthu. Koma sadandifunse dzina. Sadandifunse ngati ndili ndi ntchito ya manja anga. Kumene kudapita chithunzicho, ine ndine mayi wanjala basi, mpaka lero. Mdzukulu uja pano ndi bambo wa ana awiri, koma kumeneko akadali wodwala."

Pobwerera tidayenda chete mtunda wautali. Mtsikana wina m'gulu lathu ndiye adayamba kulankhula, ndipo zimene adanena zakhala zikutizungulira m'mutu. Adati taonani mawu amene timagwiritsa ntchito masiku ano: timati "kutola zithunzi". Chinthu chotola ndi chopanda mwini, chogwa chokha, monga masuku patchire kapena ndalama yogwa pamsewu. Makolo athu sankanena choncho. Iwo ankati "ndikukajambulitsa". Mwini nkhani anali wojambulidwayo. Amene mudakula kale mukukumbukira wojambula wa panjinga uja, wofika Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, filimu yake ya zithunzi 36 ili m'kamera. Munthu ankasamba, kudzola, kubwereka nsapato ngati n'kofunika, kusankha yekha poima, pafupi ndi maluwa kapena pakhomo la nyumba yamalata, n'kulipira theka la mtengo. Kenaka ankadikira masabata angapo kuti filimu idzaze ndi kukatsukidwa m'tauni. Nthawi zina chithunzi chinkabwera mutu utadulidwa, n'kukhala mlandu. Komabe chinkabwera, n'kukhala m'manja mwa mwini wake. Lero kujambula kudatchipa, ndipo zithunzi zambiri sizibwereranso kwa eni nkhope.

Lachisanu tidapitanso, ulendo uno titaodira bwinobwino. Agogo anali atasamba, atavala chitenje chawo cha Amayi Achikatolika, mpango utamangidwa mwaluso, kolona ili m'manja. Adatulutsa mpando wa malemu amuna awo, naika kudzanja lamanja mtsuko waukulu wamadzi umene adati ndiwo woposa yonse imene adaumba chaka chino. Adakhala mowongoka, nayang'ana kamera osaphethira. Titawapempha kuti amwetulire adakana. "Sindikuseka ndi munthu," adatero, "ndikujambulitsa."

Tiyenera kuvomera kuti enafe tidakhumudwa. Tidaona ngati luso lonse lathawa, kwatsala chithunzi chouma ngati cha pachiphaso. Mkangano wake udafika mpaka pamsonkhano wathu wa Loweruka, ndipo mmodzi wa alangizi athu, amene ndi mphunzitsi, adatifotokozera za ojambula awiri a mumzinda wa Bamako m'dziko la Mali, amene zithunzi zawo zidatchuka dziko lonse. Woyamba, Seydou Keïta, adatsegula situdiyo yake mu 1948. Anthu ankabwera kwa iye atavala zovala zawo zapamwamba, iye n'kupachika nsalu yamaluwamaluwa kumbuyo kwawo, n'kuwabwereka wotchi, wailesi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo. Wina anganene kuti limenelo linali bodza, poti wailesiyo sinali yawo. Koma nthawi imeneyo Mali anali pansi pa ulamuliro wa France, ndipo zithunzi zambiri za anthu akuda zinkajambulidwa ndi atsamunda, kuonetsa zimene atsamundawo ankafuna kuona. M'situdiyo ya Keïta munthu ankasankha yekha mmene dziko limuonere. Wachiwiri, Malick Sidibé, ndiye adatchuka ndi zithunzi za anthu ali mkati mochita zawo: achinyamata akuvina usiku, akusewera m'mbali mwa mtsinje wa Niger, m'zaka za m'ma 1960, Mali atangolandira ufulu. Mu 2007 adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice. Koma aphunzitsiwo adatsindika chinthu chimodzi: Sidibé sankazemba. Achinyamatawo ankamuitana okha kumadansi awo, ankamudziwa, ndipo pambuyo pake ankapita kusitudiyo yake kukaona zithunzizo ndi kusankha zoti agule. Ankaiwala kamera chifukwa choti mwini kamerayo anali mnzawo.

Pamenepo tidaona kuti mkangano wathu unali wolakwika kuyambira pachiyambi. Tinkakangana za kuima kapena kusaima, kumwetulira kapena kusamwetulira, pamene funso lenileni linali lakuti wojambulayo ndi ndani kwa wojambulidwayo, mlendo wongodutsa kapena munthu wolandiridwa pakhomo.

Tisanakhazikike pa zimenezi tidagweranso m'dzenje lina, la mbali inayo. Mnzathu wina, pofuna kukonza cholakwa cha tsiku loyamba lija, adatenga chithunzi cha Lachisanu n'kuchikongoletsa pafoni. Adafafaniza makwinya, adayeretsa khungu, ndipo mphini za m'masaya mwa agogo zidazimirira. Adachita zimenezi ndi mtima wabwino. Titawaonetsa, agogo adachiyandikitsa kumaso, nachitalikitsa, nafunsa kuti, "Mayi ameneyu ngwakuti? Wavala chitenje changa."

Apa mpamene Tereza Woyera akulowa m'nkhani yathu. Mwa oyera mtima a m'nthawi yake, ndi ochepa amene adajambulidwa kambiri ngati iye, ndipo chifukwa chake ndi mkulu wake Céline. Pamene Céline ankalowa m'nyumba ya masisteri a Karimeli ku Lisieux m'dziko la France mu 1894, adaloledwa kulowa ndi kamera yake. Chifukwa cha kamera imeneyo tili ndi chithunzi cha Tereza akuchapa zovala pamodzi ndi masisteri anzake, ndi china cha mu 1895 atavala ngati Joan wa ku Arc m'sewero limene adalemba yekha. Inde, Tereza anali mlembi wa masewero ndi ndakatulo, mmodzi wa anthu aluso a pamalo pake, monga amene Bambo Mfumu adatituma kukawafuna. Ziliponso zithunzi za mu Juni 1897, chifuwa chachikulu chitamufooketsa kale, pamene ankavutika kukhala chete kwa masekondi amene makamera a nthawiyo ankafuna. Adamwalira pa 30 Seputembala chaka chomwecho ali ndi zaka 24.

Tereza atamwalira, mbiri yake idafalikira msanga, ndipo anthu ankafuna kuona nkhope yake. Céline, amene analinso katswiri wojambula pamanja, ankaona kuti kamera sidaonetse bwino mng'ono wake monga iye ankamudziwira. Choncho zithunzi zimene zidatuluka m'nyumba ya masisteriyo zinali zokonzedwa, nkhope yofewetsedwa, yokomakoma. Kwa zaka zambiri, ngakhale atalengezedwa kukhala woyera mu 1925, dziko linkadziwa Tereza wamaluwa, wooneka ngati sadalawepo mavuto. Céline adamwalira mu 1959, ndipo mu 1961 zithunzi zenizeni 47 zidasindikizidwa monga zidaliri. Anthu adaona mtsikana wa chibwano cholimba ndi maso akuthwa, ndipo m'zithunzi zomaliza adaona kutopa kwa munthu amene akulimbana ndi matenda ndi mdima wa mumtima. Sitikuweruza Céline, pakuti adachita zonse chifukwa cha chikondi. Koma ife tikayang'ana mitundu iwiri ya zithunzizi, amene amatilimbitsa mtima ndi Tereza wotopayo. Wamaluwa uja timangomusirira chapatali. Wotopayu tingathe kumuuza za mayeso amene talephera, za ntchito imene tikuisowa, ndi za masiku amene pemphero limatiuma pakamwa. (Tinene modutsa kuti ambirife timachita za Céline pa nkhope zathu zomwe. Tikaona zithunzi za anzathu ena pa Facebook sitiwazindikira Lamulungu m'kwaya, poti khungu limene Chauta adawapatsa adalisiya m'foni.)

Malembo Oyera, m'mutu woyamba wa buku la Chiyambo, amatiphunzitsa kuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Tidaphunzira zimenezi pakatekisimu tili ana, n'kumaziyankha mokweza, koma sitidaganizepo kuti zikukhudza chala chathu pa batani la foni. Ngati nkhope ya agogo aja ndi ntchito ya manja a Mulungu, ndiye kuti sitingaitenge osapempha, ndiponso sitingaikonze ngati kuti Mwini wake adalakwitsa poumba. Woumba mbiya amadziwa zimenezi kuposa ife. Tidafunsa agogo chifukwa chake mitsuko yawo siyofanana ndendende ngati ndowa zapulasitiki za pamsika. Adati zala zawo zimasiya chizindikiro, ndipo mtsuko wawo angauzindikire ngakhale atausakaniza ndi mitsuko makumi awiri ya anthu ena.

Mukalowa m'tchalitchi mwathu, yang'anani chithunzi chachisanu ndi chimodzi cha Njira ya Mtanda pakhoma. Ndi cha Veronika akupukuta nkhope ya Yesu. Nkhani yake simupezeka m'mabuku anayi a Mthenga Wabwino, idatifikira kudzera m'mwambo wa Mpingo. Asisteri ena atamva za mkangano wathu adatiimika pamenepo natifunsa kuti, "Kodi mayi ameneyu adapita kukatenga chithunzi?" Ayi. Panjira ya ku Gologota panali khamu la anthu oonerera, ndipo kukadakhala mafoni, manja ambiri akadakhala m'mwamba. Veronika adabzola khamulo ndi nsalu kuti akapukute thukuta ndi magazi. Chithunzi chidatsalira pansalupo pambuyo pake, chochita kupatsidwa.

Mawu a asisteriwo adatifikitsa pa nkhani imene tonse tikuidziwa koma sitikonda kuikamba. Ngozi ikachitika pamsewu, ambirife timathamangira ndi foni patsogolo. Pali mabanja amene adamva za imfa ya mwana wawo poona mtembo wake pa WhatsApp, mthenga wamaliro asanafike pakhomo. Pamaliro timajambula amayi akulira mosadzigwira. M'chipatala timajambula odwala amene tapita kukawazonda, kuti anthu aone kuti gulu lathu likugwira ntchito zachifundo. Ngakhale pa Misa, nthawi ya Ukaristia, ena timadutsa kutsogolo kwa guwa kufuna poonekera bwino. Sitikunena izi ngati oyera. Zina mwa zithunzi zoterezi tidazipeza m'mafoni athu omwe titayamba kufufuza.

Kwa agogo tidapitako kasanu konse. Ulendo wachitatu sitidatulutse kamera n'komwe. Tidaphunzira kuti dongo labwino amakakumba kudambo, n'kulinyowetsa, n'kulisinja ndi kuchotsamo timiyala tonse, chifukwa kamwala kamodzi kokha kangathe kung'ambitsa mbiya pamoto. Tidaona mmene amayambira paphale, kukweza khoma la mbiya ndi zala, kulisalaza ndi chitsononkho, ndipo likayamba kuuma, kulikwecha ndi mwala wosalala. Mbiya imauma pamthunzi masiku angapo isanaotchedwe, poti ya padzuwa imachita ming'alu. Adadandaula kuti atsikana a masiku ano safuna kuphunzira, ndi kuti ndowa zapulasitiki ndi mapoto zidalanda msika, ngakhale aliyense amavomera kuti madzi a mumtsuko ndiwo ozizira, ndipo nyemba za mumphika wadothi zilibe zinzake.

Ulendo wachinayi adatiuza okha kuti, "Kamera ija mwaisiya kuti? Lero ndikuphunzitsa mdzukulu wanga, jambulani." Adavala nsanza zomwe zija za tsiku loyamba. Patapita kanthawi adatiiwala. Mtsikanayo adakwezetsa khoma la mphika wake mpaka lidayamba kupendekera, ndipo agogo adatambasula manja awo n'kuphimba timanja take, kuti amve yekha mphamvu yoyenera kukanikiza nayo. Onse awiri ankayang'ana dongo, agogo akuseka chamumtima. Pamenepo mpamene tidajambula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wosadziwa anganene kuti chithunzichi n'chimodzimodzi ndi zimene tidaba tsiku loyamba: malo omwewo, zovala zomwezo, dzuwa lomwelo. Ife tikudziwa kusiyana kwake, ndipo tikukhulupirira kuti nanunso mudzakuona m'holo, chifukwa mapewa a munthu amene ali pakati pa anthu ake sakhala ngati a munthu wodzidzimutsidwa.

Kwa aluso ena zidayenda mosavuta, poti tinali titaphunzira kuodira. Atelala adafuna kujambulidwa tepi ili pakhosi. Anyamata a banjo sadafune n'komwe kuti tichoke. Bambo wina wosema ndiye adativuta. Amasema mitanda ndi zifaniziro za Amayi Maria zokhala ndi nkhope za kwathu kuno, zonga zimene enafe tidaona ku Mua m'boma la Dedza, ku KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher a chipani cha White Fathers adayambitsa mu 1976. Bamboyo adalola kuti tijambule manja ake, sompho ndi tchizulo, koma nkhope adakana kwamtuwagalu, ndipo chifukwa sadanene. Enafe tidafuna kuumirira, kapena kumujambula chapatali akupita kumsika. Tidaleka. M'holo mudzaona manja okha.

Sabata yatha tidasonkherana ndalama n'kukatsukitsa zithunzi, ndipo tayamba kubwezera aliyense chake, kuti achione ndi kuvomereza tisanachipachike. Agogo tidawapatsa ziwiri. Cha mdzukulu chija adachiyang'ana nthawi yaitali, naseka, nati chimenecho tipachike. Cha Lachisanu, chouma chija chimene tidachinyoza, chosakonzedwa, makwinya ndi mphini zili pompo, adachikulunga m'nsalu. "Ichi n'changa," adatero. "Tsiku langa likadzafika, chidzakhale pabokosi. Anthu adzaone kuti ndinali munthu."

Padatsala chinthu chimodzi chimene tidachedwa kuulula. Tsiku loyamba lija, tisanafike n'komwe kunyumba, mmodzi wa ife anali atatumiza kale chithunzi chimodzi pagulu lathu la WhatsApp. Tidafufuta zonse m'mafoni athu, koma chimenecho chinali chitapita kale kumagulu ena, ndipo palibe amene angachibweze. Tidakangana ngati n'kofunika kuwauza, poti sakadadziwa. Pomaliza mnzathuyo adagwada yekha n'kunena. Agogo adakhala chete kwa nthawi imene kwa ife idaoneka ngati chaka. Kenaka adati, "Ndiye kuti ndayendanso ulendo wina osadziwa." Sadanene kuti palibe kanthu, ndipo ife sitidawakakamize kutero. Adangotiuza kuti msana wawo sukuwalolanso kusenza dongo kuchokera kudambo, ndi kuti mvula isanagwe akufuna kuotcha mbiya kamodzinso.

Choncho Loweruka likubwerali tikukumana pabwalo la tchalitchi 6 koloko mmawa. Amene muli ndi makasu, madengu kapena matumba mubwere nawo, ndipo amene ali ndi njinga yakatundu atithandize, chifukwa kuchokera kudambo kukafika kwa agogo ndi chitunda. Kamera tawabwezera Bambo Mfumu, idzatuluka tsiku lootcha mbiya ngati agogo adzalole.